Anapita ndi Chofunda Chawo

Ine sindidziwa kusoka. Batani likathothoka ndimapatsa mkazi wanga. Ntchito yanga inali yodulira tiyi ku esiteti, ndipo kumudzi ndine mdzukulu, wokumba manda. Koma chinthu chosokedwa bwino ndimachidziwa, chifukwa ndafunda chotero zaka zambiri. Ndikulemba za mayi amene anachisoka, ndi za mlandu umene ndinapalamula tsiku la maliro awo. Ena amati ndinalakwa. Azinena.

Mayiwo ndinawapeza kulayini, kunyumba za kampani. Ndinachokera ku Thekerani kudzafuna ntchito nditangokwatira kumene, ndipo anatipatsa chipinda choyang'anana ndi chawo. Iwo anali othyola tiyi, amuna awo anali alonda kufakitale. Anali aafupi, a mawu aakulu. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka ngati za aliyense wothyola masamba. Makolo awo anachokera ku Mozambiki. Singano ikathyoka ankatukwana m'Chilomwe, ikakhala yabwino ankalankhula Chinyanja.

Chaka choyamba chija kuzizira kunatizunza. Chiperoni cha m'tiyi chikabwera chimakhazikika. Nkhungu imalowa mpaka m'nyumba, simenti ya pansi imachita thukuta. Ife tinali ndi kabulangeti kamodzi kopyapyala. Mkazi wanga anayamba kutsokomola, ndipo chifuwacho chinkamveka layini yonse. Lamlungu lina mayiwo anandiimitsa pampopi.

"Aneba, mkazi wanuyu mukufuna kumubweza kwawo m'bokosi?"

"Ayi."

"Ndiye bweretsani zovala zonse zimene zinatha. Muzichape kaye. Sindisoka thukuta la munthu."

Ndinabweretsa. Anakhala pamkeka, n'kumatenga chimodzichimodzi, kuchikoka ndi manja awiri. Cholimba ankaika pamiyendo, chong'ambika ankaponya kumbuyo. Malaya amene ndinavala pokafunsira mbeta anang'ambika osalimbana n'komwe. Ndinati malaya amenewa ndi abwino. Iwo anati, "Anali abwino. Ntchito yawo anagwira, mkazi munapeza. Tsopano ndi opukutira mphika."

Chofunda chawo chinali cha magawo atatu. Pamwamba zigamba zolumikizalumikiza. Pakati chilichonse chogwira kutentha: juzi yakale, bulangeti lotha, nthawi zina chiguduli chochapa mpaka kufewa. Pansi zitenje zathunthu, kuti msoko usamakande munthu. Ulusi wolumikizira zigamba ankagula kugolosale. Koma wogwirira magawo atatuwo ankasolola pakamwa pa matumba a feteleza, kuuchapa, kuuyanika, n'kuupaka kandulo. Makina analibe, ndipo sankawasirira. Atelala a pa Masambanjati ankawasungira zidutswa, iwo n'kukazitenga pa tsiku la msika, kusiya theka lake pomwepo chifukwa chosalimba. Ankasoka Lamlungu masana, ndi miyezi ya chilimwe imene masamba amachepa. Msoko wawo unali waung'ono ngati nthangala za mpiru. Akamaliza mzere ankaukweza kudzuwa. Kuwala kukalowa penapake, ankamasula mzere wonse, osati pomwepo pokha.

Ndinaonapo atelala ambiri. Ena amathamanga, ena amanyengerera kasitomala. Wosoka ngati mayiwo sindinamuone.

Anali ndi lamulo limodzi limene sankaphwanya. Nsalu ya munthu sankatola. Kuno munthu akaona kachidutswa ka malaya ake m'manja mwa wina, mtima umathamangira ku mankhwala. Choncho mwini wake ankayenera kubweretsa yekha, dzuwa likuwala, anthu akuona. Zotsala zonse, ngakhale timizere tosakwana chala, ankazimanga kamtolo n'kubwezera mwini. Ngakhale zinali choncho, pakamwa pa anthu sipasowa nkhani. Mayi wina wa layini ya kumunsi anafalitsa zoti akusonkhanitsa nsalu za anthu kuti awakhwimire. Iwo anamupeza pasikelo, dengu lili kumsana.

"Mwana iwe, ndikanakhala mfiti ndikanayamba ndi kapitawo uyu amene amatibera pasikelo. Iwe ndikulodzerenji? Uli ndi chiyani?"

Kapitawo yemwe anaseka. Nkhani inathera pomwepo.

Nsalu za zipani ankazikonda, chifukwa zinkabwera zaulere ndipo zina zinali zolimba. Koma nkhope ya mtsogoleri ankaidula n'kutaya, wa chipani chilichonse. Ankati, "Sindigona ndi mwamuna wachilendo, ndipo sindigoneka mkazi wa mwini ndi mwamuna wachilendo."

Chofunda chathu anachimaliza chiperoni chisanapite. Chinali cholemera ngati mwana wa ng'ombe. Mkazi wanga anasiya kutsokomola. Ana anga onse anakodzerapo, chinachapidwa kumtsinje kosawerengeka, mbewa inaboola pakona. Chilipo mpaka lero. Zigamba zina zinafwifwa mpaka sudziwa kuti zinali za mtundu wanji, koma msoko sunalekane paliponse.

Si onse ankaziona motero. Makalaliki, aphunzitsi ndi ena a malipiro a pamwezi amene ankabwera kuchokera kutali ankati ndi zofunda za amphawi. Sankanama, zinali za amphawi. Akazi a bwana wina anatuma munthu kudzapempha chimodzi choti akakoloweke pakhoma la pabalaza. Mayiwo anafunsa wotumidwayo ngati khoma la abwana limamva kuzizira. Sanasoke.

Ana awo anamwalira ali aang'ono, anakula ndi mmodzi yekha, wamwamuna. Kabudula wake wa sukulu anali ndi zigamba zambiri kuposa nsalu imene anagulidwa nayo. Zigambazo zinali zosokedwa bwino, koma ana a sukulu sayang'ana msoko. Ankamuseka. Ndinkamuona akubwera mlomo utatupa, ndewu yake ili yomweyo. Anali wanzeru, anakhoza mayeso, anapita kutauni, anapeza ntchito ya muofesi. Mayi ake ankawakonda, ankawatumizira zinthu, analipira malata a nyumba yawo. Zimenezi sindingamulande.

Ntchito ya kampani ikatha, nyumba imatha. Amuna awo atamwalira, ndi iwo atatopa kunyamula dengu, anapeza malo m'mudzi wa m'malire mwa esiteti, kumene kunali mlongo wawo. Ine nditapuma ntchito ndinapeza malo m'mudzi womwewo. Tinakhalanso aneba. Kumeneko anandisankha kukhala mkulu wa adzukulu.

Ndifotokoze za adzukulu, chifukwa ana a masiku ano ena amangoona dzenje lili lokumba kale. Adzukulu si abale a malemu. Ndi amuna a m'mudzi amene amakumba, kunyamula, kutsitsa ndi kukwirira. Salipidwa, amangodya. Amatha kuseka pamaliro, kunyoza anamfedwa, palibe wowaletsa. Ndipo maliro sanyamuka pakhomo mpaka adzukulu atanena kuti kumanda kwatha. Abusa sanganene mawu amenewa. Mwini maliro sanganene. Amanena ndi mkulu wa adzukulu.

Masana ena mayiwo anatiitana, ine ndi mkazi wanga. Apa n'kuti maso atayamba kuwavuta, ulusi akulowetseredwa ndi ena. Anatulutsa chofunda m'sutikesi, n'kuchiyala pamkeka. Ndinali ndisanachionepo. Chinali chaching'ono kuposa zina zonse, cha munthu mmodzi. Pakati panali nsalu ya chikhoti cha ulonda cha amuna awo. M'mbali mwake tinsalu ta madiresi a ana aja anamwalira. Panali epuloni yawo yothyolera tiyi, panali duku, panali kabudula wa sukulu uja ndi zigamba zake zomwe. Munalibe nsalu ya munthu wa kunja ngakhale imodzi.

"Ichi si chogona," anatero. "Ichi n'chopita nacho."

Mkazi wanga anayamba zoti musatero amayi, mukadali olimba. Anamudula.

"Sindikulankhula ndi inu, ndikulankhula ndi okumbawa. Aneba, mudzandifunditse. Osati kuyala pamwamba pa bokosi ngati nsalu ya patebulo. Kundifunditsa ine mwini wake."

"Mwana wanu mwamuuza?"

"Ndamuuza. Akuti ndisamalankhule za imfa, wandigulira mapiritsi. Uja amandikonda, adzachita zimene akufuna iyeyo. Inu simundikonda kwambiri, mudzachita zimene ndanena."

Ndinati ndamva. Sindinalumbire, sindinakweze dzanja. Kwa ine ndamva ndi wokwana.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Mwana wawo anafika ndi galimoto, bokosi lokongola la kutauni lili pamwamba. Anabweretsa nsalu yoyera ndi bulangeti latsopano, lija lokhuthala la maluwa, lili m'chikwama chake cha pulasitiki. Anabwera ndi anzake a kuntchito, ndi abwana ake amene. Ine sindinalabadire. Ndinkadziwa kuti mkazi wanga ali m'gulu la amayi osambitsa thupi, ndipo akudziwa pamene pali sutikesi.

Tinalawirira kumanda. Dothi lofiira lija linali lonyowa, lomata kukhasu, ndipo tinakumana ndi muzu waukulu umene unatidyera nthawi. Dzuwa litakwera amayi anabweretsa chakudya, n'kuima m'malire mwa manda monga mwa mwambo. Mkazi wanga anandikodola.

"Chofunda chija achikana."

"Ndani?"

"Mwana wawo. Akuti mayi ake sapita ndi nsanza. Awafunditsa bulangeti lija. Nkhope anthu aona, bokosi atseka."

"Iwe unanena?"

"Ndinanena. Anandifunsa kuti ndine ndani pamaliro pano."

"Chili kuti?"

"Ndachipinda, chili kwa ife. Ndimaopa angachiponye pamoto."

Ndinabwerera kudzenje. Ndinawauza anzanga zonse, kuyambira masana aja. Ambiri mwa iwo anakulira kulayini, anafunda zosoka za mayiwo. Mmodzi anati maliro ali ndi eni ake, tisalowerere. Ndinati maliro ndi awo, manda ndi athu, amene akufuna kupita apite. Palibe anapita. Tinamaliza kukumba, tinasalaza makoma, tinayala zingwe. Kenako tinakhala pamulu wa dothi. Mawu sindinatumize.

Kuchokera kumanda tinkamva kwaya. Anaimba nyimbo zawo zonse, n'kuyambiranso yoyamba. Olankhula analankhula. Mlaliki analalikira, anamaliza, anayambanso mfundo ina. Kenako kunabwera mkulu wa mpingo, atanyamula ambulera.

"Adzukulu, kwatha?"

"Sikunathe."

Anasuzumira m'dzenje. "Koma dzenje ili latha."

"Akukumba ndinu?"

Mnzanga wina anamupatsa khasu, akuti abambo atsikemo asalaze pakona. Wina anati asavule jekete, tingoyesa ngati mulingo uli bwino. Anabwerera akupukusa mutu.

Sipanatenge nthawi, anandiitana m'malire mwa manda. Kunali mwana uja, atavala suti yakuda, maso ofiira. Pambali pake amalume ake, mlongo wa malemu, amene anali mwinimbumba. Nkhalamba yosalankhulalankhula.

"Madala, vuto n'chiyani?" anatero mwanayo. "Chakudya chachepa?"

"Tadya."

"Ndiye mukufuna chiyani? Nenani, ndipereka."

"Mayi ako afunde chofunda chawo."

"Mwaimitsa maliro chifukwa cha nsanza?"

"Anandituma."

"Anakutumani inu? Ndinu m'bale wawo?"

"Ayi. N'chifukwa chake anandituma."

Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Polankhula mawu ake anatsika.

"Madala, inu munandiona ndikukula. Mukudziwa. Mayi anga moyo wawo wonse agwira zotha za anthu. Kuvala zotha, kufunda zotha, kundiveka zotha. Ine ndinkamenyana tsiku ndi tsiku chifukwa cha zigamba. Lero lokha ndikufuna apite ndi chinthu chimene sanavalepo munthu wina. Ndalakwa pati?"

"Nkhope anthu aona kale. Abwana ako aona. M'bokosi simuonanso munthu."

"Ndiona ine. Ndikatseka maso ndiziona. Mukudziwa zimene anachita ndi bulangeti loyamba limene ndinawagulira nditangoyamba ntchito? Ndinasiya kugula nsapato kuti ndigule limenelo. Nditabwera ndinapeza alidula."

"Analiika m'kati mwa chofunda chomwechi. Ndi limene likugwira kutentha."

"M'kati amaliona ndani?"

Mawu amenewa anandilowa, sindinama. Ndikanakhala mwana wawo, mwina ndikananena zomwezo. Koma ine sindinali mwana wawo. Iwo anasoka chinthu chija ndi maso akutha, chaka ndi chaka, kuchibisa m'sutikesi. Munthu amene anafunditsa layini yonse anapempha chinthu chimodzi. Akanatha kudzuka akanadzinenera okha, ndipo akanatukwana m'Chilomwe. Sakanatha. Pakamwa pawo tsiku limenelo panali ine.

"Mwana wanga," ndinatero, "chisoni chako ndachimva. Bulangeti lako sindikulikana. Koma popanda chofunda sinditsitsa."

"Ndipeza anthu ena atsitse."

"Apeze. Anzako a masutiwo abwere, zingwe zili apo."

Anatembenukira kwa amalume ake. "Amalume, mukungoyang'ana?"

Nkhalambayo inali itatsamira ndodo. Inandifunsa ine. "Anakuuzanidi?"

"Ine ndi mkazi wanga. Masana, tili pamkeka."

"Bokosi lotseka silitsegulidwa kawiri. Mukudziwa zimenezo."

"Ndikudziwa. Ndiye likhale pomwe lilipo. Dzenje silithawa."

Mvumbi unayamba. Kupyolera m'mitengo ndinkaona alendo a kutauni akuthawira m'galimoto zawo. Kwaya inali itasasa mawu. Tinaima atatu, madzi akutsika m'khosi. Ine mvula ndinaizolowera, ndadulira tiyi m'mvula yoposa imeneyo. Ndinali wokonzeka kuima mpaka mawa.

Amalume aja anakhosomola. "Mphwanga, mlongo wangayu ndinakula naye. Ali mwana ankati akakana kudya, amayi ankangochotsa mbale. Tikamuika popanda chimenechi, m'mudzi muno simugonedwa. Bulangeti lako agonere. Chofunda chake afunde."

"Ndiye mawu anga alibe ntchito."

"Ali nayo. Bokosi ndi lako, nsalu ndi yako, bulangeti ndi lako. Chimodzi chokha n'chake."

Mwanayo anatembenuka n'kumapita, nsapato zikumira m'matope.

Ndinatsatira ndi adzukulu awiri. Pakhomo anthu anatipatsa njira, koma maso awo sanali abwino. Ndinamva wina akuti ukalamba wandilowa m'mutu. Tinalowetsa bokosi m'nyumba, ndinamasula zomangira, ndinatuluka. Mkazi wanga analowa ndi amayi anzake, chofunda chili kukhwapa. Amayi ena a mpingo anakana kulowa, akuti sanaonepo zotere. Tinadikira pakhonde. Mwana uja anali atakhala m'galimoto, chitseko chotseka.

Atandiitana kuti ndikatseke, ndinayang'ana. Ndinkafuna kuona ndi maso anga. Bulangeti la maluwa linali pansi pawo, likuonekera m'mbali. Chofunda chinafika m'khosi, chopindira bwino m'mapewa ndi kumapazi. Chikhoti cha amuna awo chinali pachifuwa. Ndinatseka. Ndinatuluka panja, ndinaima pamene aliyense angandimve.

"Kumanda kwatha."

Bokosi linalemera kuposa poyamba. Onyamula anadandaula, wina anati amayi anyamula katundu yense wa m'nyumba. Tinaika maliro mochedwa, m'mvula. Alendo ena anali atanyamuka kale, abwana aja pamodzi. Nkhata zinaikidwa mothamanga. Mwana uja anaponya dothi lake, anandiyang'ana kamodzi, anachoka osadya.

Patapita masiku anandiitana akuluakulu a m'mudzi ndi a mpingo. Anati ndinachititsa manyazi mudzi pamaso pa alendo, ndinatsegulitsa bokosi, ndinaliritsa mwana wamasiye kawiri. Anati mphamvu ya adzukulu ndi yokumbutsa anthu ulemu, si yolamulira mabanja a eni. Ena mwa mawu amenewa anali oona. Anati ndikapepese kwa mwanayo, nkhani ithe. Ndinafunsa kuti ndikanene kuti chiyani. Anati ndikanene kuti ndinalakwa. Ndinati kuti analira ndikumva chisoni, zimenezo ndinganene pamaso pa aliyense. Koma kuti ndinalakwa sindinena, chifukwa likanakhala mawa ndikanachitanso. Anandipatsa nthawi yoganiza. Ndinati asavutike kudikira. Anandichotsa pa ukulu wa adzukulu, anaika wina wofatsa. Khasu sanandilande. Ndimakumbabe, ndimangomvera wina.

Katundu wa malemu atagawidwa, thumba la zidutswa ndi singano palibe wachibale analifuna. Zinatengedwa ndi amayi amene ankakhala nawo pamkeka kuwalowetsera ulusi, mkazi wanga mmodzi wa iwo. Tsopano amasoka Lamlungu masana pakhonde langa. Kumsika kwadzaza mabulangeti a kaunjika ndi ena onyezimira amene amathothoka ubweya chaka chisanathe, koma anthu akubwerabe ndi mitolo ya zovala zotha, makamaka othyola tiyi a ganyu amene amangolembedwa nyengo ya mvula. Amabweretsa okha, masana, zochapa. Zotsala amabwezeredwa pa kamtolo. Msoko wa amayiwa sunafike pa wa malemu. Ndimakweza kudzuwa n'kuwaonetsa pamene pakulowa kuwala. Amandithamangitsa, akuti munthu wosadziwa kusoka batani asatiphunzitse. Koma ndikabwerako ndimapeza amasula mzere.

Mwana uja anabwera chaka chotsatira kudzamanga chiliza. Anatenga mmisiri wa ku Masambanjati, sanafune munthu wa m'mudzi. Tsiku limenelo ine ndinali kumanda komweko, tikukumba la munthu wina. Ndinamupatsa moni. Sanayankhe. Akadzabweranso ndidzamupatsanso, sindinayambane naye.

Chilizacho n'chachikulu, cha matailosi, chili ndi mtanda ndi mawu olembedwa. N'chokongola, anayesetsa. Simenti ndi yake, aike yochuluka mmene angafunire. Za pansi pake zinatha kale, ndipo palibe amene angakazisinthe.